Mafunso ndi mayankho: Madame Bovary, buku limene linaimbidwa mlandu lisanafike m'sitolo

Mabuku ena amatchuka chifukwa cha nkhondo zimene akusimba, ena chifukwa cha mafumu. Ili linatchuka chifukwa cha mkazi wa dokotala wa kumudzi amene moyo wa m'banja unamutopetsa. Kuyambira 1857 anthu sanaleke kukangana za iye. Mayankho ali m'munsimu akuulula mmene nkhani ikuthera, choncho amene akufuna kukadzionera yekha mathero ayambe wawerenga bukulo.

Kodi Madame Bovary ndi buku lanji, ndipo analemba ndani?

Ndi nthano yaitali ya m'Chifalansa imene analemba Gustave Flaubert. Iye anabadwira mumzinda wa Rouen, m'chigawo cha Normandy ku France, pa 12 Disembala 1821, ndipo anamwalira pa 8 Meyi 1880. Bambo ake anali dokotala wamkulu wa maopaleshoni pachipatala cha Hôtel-Dieu mumzindawo, ndipo banja lawo linkakhala m'nyumba yogundana ndi chipatalacho, moti mwanayo anakula akuona odwala ndi mitembo. Ili ndi buku loyamba limene iye anasindikiza. Lili ndi zigawo zitatu, mitu 35 yonse pamodzi, ndipo pansi pa dzina lake pali mawu akuti Mœurs de province, kutanthauza makhalidwe a anthu a kumidzi ndi m'matauni aang'ono, kutali ndi Paris.

Dzina la bukuli likutanthauza "Mayi Bovary". Amayi odziwika ndi dzinali alimo atatu: mayi ake a Charles Bovary, mkazi wake woyamba, ndi Emma, mkazi wake wachiwiri, amene nkhaniyi ikunena za iye. Mpangankhani wamkulu satchulidwa n'komwe ndi dzina lake pachikuto. Akudziwika ndi dzina la mwamuna wake, limene akazi ena awiri analigwiritsapo kale ntchito.

Nkhani yake imayenda bwanji?

Charles Bovary ndi munthu wofatsa, wamtima wabwino, koma wosachangamuka. Sanafike pa udokotala weniweni. Ali ndi chilolezo chotsikirapo chimene ku France pa nthawiyo chinkalola munthu kuchiza matenda wamba m'dera lake lokha. Tsiku lina aitanidwa kufamu ya Les Bertaux kukamanga mwendo wa mlimi wina dzina lake Rouault, ndipo kumeneko aona mwana wake wamkazi, Emma. Mkazi woyamba wa Charles atamwalira, awiriwa akwatirana.

Emma anakulira kusukulu ya masisitere, kumene ankawerenga mobisa mabuku achikondi odzaza ndi akalonga, mahatchi ndi misozi. Ankayembekeza kuti ukwati udzamupatsa zonsezo. Chimene apeza ndi mwamuna wobwera usiku atatopa, kudya, kusimba za odwala ake, n'kugona. Kamodzi kokha aitanidwa ku dansi ya anthu olemera ku La Vaubyessard, ndipo usiku umodziwo umuwonongera masiku onse otsala. Adwala chifukwa cha kunyong'onyeka. Charles, poganiza kuti vuto ndi mphepo ya m'deralo, asamutsa banja kuchoka ku Tostes kupita ku Yonville. Kumeneko Emma abereka mwana wamkazi, Berthe, kenako ayamba chibwenzi chamseri ndi Rodolphe, mwini munda wolemera wozolowera akazi. Atapangana zothawa, Rodolphe amutaya ndi kalata. Pambuyo pake Emma akondana ndi Léon, kalaliki wachinyamata amene kale ankakhala ku Yonville, ndipo Lachinayi lililonse amapita ku Rouen ponamizira maphunziro a piyano. Nthawi yonseyi ngongole ikukula kwa wamalonda wina dzina lake Lheureux. Tsiku lolanda katundu litafika, Emma azungulira khomo ndi khomo kupempha thandizo, koma palibe womuthandiza. Alowa m'chipinda chosungira mankhwala cha Homais, wogulitsa mankhwala wa ku Yonville, n'kudya poizoni wa aseniki.

N'chiyani chinachititsa Flaubert kusankha nkhani wamba chonchi?

Mwa iye yekha sakanaisankha. Mtima wake unali pa zakale, zachilendo ndi zodabwitsa. Mu 1849 anamaliza buku lalitali lonena za mayesero a Antoni Woyera m'chipululu, ndipo anaitana anzake awiri, Louis Bouilhet ndi Maxime Du Camp, kuti awawerengere. Kuwerengako kunatenga masiku anayi. Atamaliza, anzakewo sanamunyengerere. Anamuuza kuti bukulo aliponye pamoto, ndipo apeze nkhani ya pansi pano imene ingamange manja ake kuti asamauluke ndi mawu.

Zinamupweteka kwambiri. Ananyamuka ndi Du Camp ulendo wa ku Egypt ndi maiko ena a kum'mawa, ndipo atabwerako mu 1851 anayamba ntchito. M'dera la kwawo munali mbiri ya dokotala wina wa m'mudzi wa Ry amene mkazi wake anamwalira ali wamng'ono mu 1848, anthu n'kumanong'ona za ngongole ndi zibwenzi. Ambiri amati mbewu ya bukuli ndi imeneyi, ndipo mpaka lero mudzi wa Ry umadzitcha kuti ndiye Yonville. Koma Flaubert mwini ankakana zoti anakopera munthu wina aliyense. Yonville kulibe pamapu. Anaipanga yekha potola msewu apa, msika apo.

Zoona kuti linamutengera zaka pafupifupi zisanu?

Inde, kuyambira Seputembala 1851 mpaka Epulo 1856. Ankakhala ku Croisset, m'mbali mwa mtsinje wa Seine pafupi ndi Rouen, pamodzi ndi mayi ake ndi mwana wa mlongo wake. Maphunziro a zamalamulo anali atawasiya mu 1844 chifukwa cha matenda akugwa, ndipo chuma cha banja chinamulola kulemba popanda kufunafuna ntchito ina.

Makalata amene ankalembera chibwenzi chake, mlakatuli Louise Colet, akusonyeza mmene ankavutikira. Sabata yathunthu inkatha atalemba masamba ochepa chabe, ndipo nthawi zina mawa lake ankawafufutanso. Ankakhulupirira kuti pa chinthu chilichonse pali liwu limodzi lokha loyenera, ndipo wolemba asapume asanalipeze. Akamaliza ndime ankaiwerenga mokuwa m'chipinda mwake kuti khutu limuuze pamene chiganizo chikutsimphina, pamene liwu labwerezedwa, pamene mpweya ukuthera panjira. Analinso wofufuza. Asanalembe za opaleshoni ya phazi lopindika la Hippolyte, mnyamata wogwira ntchito panyumba ya alendo, anawerenga mabuku a madokotala ndi kufunsa mkulu wake Achille, amene anali dokotala wa maopaleshoni. Anawerenganso mmene aseniki amaphera munthu.

Masamba oposa 4,000 amene analemba ndi kufufuta akusungidwa kulaibulale ya mzinda wa Rouen, ndipo tsopano amaoneka pa intaneti. Tsamba lina ndi lakuda bii ndi mizere yofufutira, mawu opulumuka ndi owerengeka.

Linatuluka bwanji koyamba?

Linayamba kutuluka pang'onopang'ono m'magazini yotchedwa Revue de Paris, m'zigawo zisanu ndi chimodzi, kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 15 Disembala 1856. Mmodzi mwa akuluakulu a magaziniyo anali Du Camp yemwe uja. Ubwenzi sunaletse mkangano. Akonzi ankaona kuti bukulo ladzaza ndi tinthu tosafunika, ndipo Du Camp anafika pomuuza Flaubert kuti alole apeze munthu woti alidulire. Flaubert anakana.

Komabe mantha anawagwira akonziwo. Magazini yawo sinkaonana bwino ndi boma la Napoleon III, ndipo ankadziwa kuti kachifukwa kakang'ono kangawatsekere ntchito. Choncho anachotsa ndime ya ngolo. M'ndimeyi Léon akokera Emma m'ngolo yahayala yokokedwa ndi mahatchi pakhomo pa tchalitchi chachikulu cha Rouen, makatani atsekedwa, ndipo ngoloyo izungulira mzinda wonse mpaka madzulo. Woyendetsa akafuna kuima, mawu ochokera m'kati amamukalipira kuti apitirize. Wowerenga saona kanthu m'katimo kupatula dzanja limodzi lotulukira pa zenera kutaya tizidutswa ta kalata yong'ambidwa. Atachotsanso ndime zina m'chigawo chomaliza, Flaubert anaumirira kuti asindikize chidziwitso chake chouza owerenga kuti zimene akuwerengazo ndi zidutswa chabe, osati buku lathunthu. Kudula kumeneku kunangochititsa anthu kuganiza kuti pali zoopsa zimene zabisidwa.

Nanga mlandu unali wa chiyani?

Boma linasumira anthu atatu: Flaubert, mkulu wa magazini Léon Laurent-Pichat, ndi wosindikiza magaziniyo. Mlandu wake unali wonyoza makhalidwe abwino a anthu ndi chipembedzo. Unamvedwa ku Paris kumapeto kwa Januwale 1857. Woimira boma anali Ernest Pinard, ndipo loya wa Flaubert anali Jules Sénard, munthu wolemekezeka wa ku Rouen amene ankadziwana ndi banja lawo.

Pinard anawerenga ndime zingapo m'khoti. Ina ndi ija Emma, atabwera kokumana ndi Rodolphe koyamba, akudziyang'ana pagalasi n'kusangalala kuti tsopano ali ndi chibwenzi, popanda n'kadontho komwe ka manyazi. Ina ndi ya wansembe akudzoza Emma mafuta ali pafupi kufa, pamene mlembi akutchula maso, mphuno, pakamwa, manja ndi mapazi, chilichonse ndi zilakolako zimene chinatumikira. Pinard anati uku n'kusakaniza zopatulika ndi zathupi. Anadandaulanso kuti mabuku otere amagwera m'manja mwa atsikana ndi amayi apabanja.

Koma mfundo yake yakuthwa kwambiri inali ina, ndipo ine ndimaona kuti pamenepa Pinard anawerenga bukuli bwino kuposa ambiri olikonda. Anafunsa kuti ndani m'bukumo angamutsutse mkaziyu. Mwamuna wake amamukonda mpaka atadziwa zonse. Wansembe Bournisien ndi munthu wosamva za mumtima: Emma atapita kwa iye ali wosweka, iye akuganiza kuti ndi vuto la m'mimba, maso ali pa ana osokosa m'tchalitchi. Homais, wogulitsa mankhwala, ndi mbiyang'ambe ya mawu, wodzitama ndi sayansi imene saidziwa. Mlembi nayenso ali duu. Palibe mkulu woimirira n'kunena kuti ana inu, mwaona mapeto a khalidwe lotere. Chimene chinaopsa boma ndi mpando wa woweruza umene unasiyidwa wopanda munthu.

Sénard analankhula kwa maola anayi kapena kuposerapo. Anati bukuli ndi lophunzitsa, chifukwa likusonyeza kuopsa kopatsa mtsikana maphunziro osagwirizana ndi moyo umene adzakhale, ndipo imfa yowawa ya Emma ndi chilango chokwanira. Pa ndime ya kudzoza, anasonyeza kuti Flaubert anatsatira buku la mapemphero la tchalitchi lenilenilo. Kunena zoona, Sénard anapulumutsa bukuli polichepetsa. Analisandutsa nthano ya chenjezo, chinthu chimene Flaubert anakana kulemba kwa zaka zisanu. Koma m'khoti munthu amagwira nthambi imene ili pafupi.

Mlanduwo unatha bwanji, ndipo Flaubert analemera nalo?

Pa 7 Febuluwale 1857 oweruza anamasula onse atatu, ngakhale anadzudzula ndime zina kuti zinapyola malire. Mu Epulo chaka chomwecho wosindikiza mabuku Michel Lévy analitulutsa m'mavoliyumu awiri, ndime zodulidwa zija zitabwezeretsedwa. Koyambirira kwake Flaubert analembako mawu othokoza Sénard. Mlandu uja unali utalilengeza kale, moti linagulidwa kwambiri. Koma mlembi anali atagulitsa ufulu wosindikiza kwa zaka zisanu pa mafranc 800 okha, kotero phindu lalikulu linapita kwa Lévy.

Pinard sanagwe mphwayi. Mu Ogasiti 1857 anasumira mlakatuli Charles Baudelaire chifukwa cha buku lake la ndakatulo, Les Fleurs du mal, ndipo ulendo uno anapambana: Baudelaire analipitsidwa chindapusa cha mafranc 300 ndipo ndakatulo zisanu ndi imodzi zinachotsedwa. Mu 1864 Tchalitchi cha Katolika chinaika Madame Bovary pa mndandanda wake wa mabuku oletsedwa.

Amati ndi buku la réalisme. Mawuwa akutanthauza chiyani, ndipo Flaubert ndiye anayambitsa?

Ndi kalembedwe kosonyeza moyo monga mmene ulili: anthu wamba, nyumba zawo, ndalama zawo, matenda awo, popanda kukometsera kapena kubweretsa zozizwitsa zodzapulumutsa munthu. Flaubert sanayambitse. Stendhal anali atayenda kale njirayi mu 1830, ndipo Honoré de Balzac, amene anamwalira mu 1850, anali atadzaza mabuku ambirimbiri ndi maloya, amalonda ndi angongole a ku France. M'zaka za m'ma 1850 liwuli linali pakamwa pa aliyense chifukwa cha wojambula zithunzi Gustave Courbet ndi wolemba Champfleury.

Chodabwitsa n'chakuti Flaubert ankadana nalo dzinali. Analemba m'kalata kuti bukuli analiyamba chifukwa chodana ndi réalisme. Kwa iye kungokopera moyo sikunali luso. Ankafuna kuti nkhani ya anthu otopetsa ilembedwe ndi chisamaliro chimene anthu ankasungira ndakatulo. Buku lake lotsatira, Salammbô la mu 1862, linathawira ku Carthage, mzinda wakale wa kumpoto kwa Africa.

Ndiye chatsopano m'kalembedwe kake chinali chiyani?

Choyamba ndi kubisala kwa mlembi. Balzac amaima pakati pa nkhani n'kukufotokozera maganizo ake. Flaubert analembera Louise Colet kuti wolemba azikhala m'buku lake ngati Mulungu m'chilengedwe, wopezeka paliponse koma wosaoneka paliponse. Bukuli limayamba ndi mawu a "ife", ana asukulu akuona mnyamata watsopano Charles akulowa m'kalasi ndi chipewa chake chochititsa manyazi. Posakhalitsa "ife" uja azimiririka, ndipo sabweranso.

Chachiwiri ndi njira yolowera m'mutu mwa mpangankhani popanda kugogoda. M'malo molemba kuti "Emma anaganiza kuti", wofotokoza nkhani amangobwereka mawu ndi kamvekedwe ka Emma, chiganizo n'kukhala cha onse awiri. Ukamawerenga sudziwa bwinobwino pamene mlembi wathera ndi pamene Emma wayambira. Ndime ya pagalasi ija ndi chitsanzo: chisangalalo chimene Pinard ankati ndi cha Flaubert chinali cha Emma. Olemba ena anali atagwiritsapo ntchito njirayi, monga Jane Austen ku England, koma Flaubert anaisandutsa msana wa buku lonse. Zotsatira zake n'zakuti umamva ludzu la Emma ngati lako, uku ukuona kuti madzi amene akuthamangira ndi a m'maloto.

Chachitatu ndi kuika zinthu ziwiri pamodzi n'kuzisiya kuti zilankhulane zokha. Mutu wa chionetsero cha zaulimi, umene unamutengera miyezi ingapo, ndiwo umasonyeza bwino. Rodolphe ndi Emma akhala pa zenera m'chipinda cham'mwamba cha nyumba ya khonsolo. Pansi akuluakulu akulankhula ndi kugawa mphoto. Rodolphe akanena za mitima iwiri imene inalengedwa kuti ikumane, pansi pakumveka mphoto ya manyowa. Akagwira dzanja la Emma, pansi akulengeza za nkhosa ndi nkhumba. Mlembi sanena kuti mawu a Rodolphe ndi abodza. Umamva wekha kuti zolankhula zonse ziwirizi n'zoloweza pamtima, zogwiritsidwa ntchito kambirimbiri.

Pakati pa phokosoli aitanidwa gogo wina, Catherine Leroux, amene watumikira pafamu imodzi zaka 54. Mphoto yake ndi mendulo yasiliva ya mafranc 25. Flaubert amaima pa manja ake, olimba ndi osweka ndi ntchito moti amaoneka akuda ngakhale atasambitsidwa. Gogoyo akuopa mbendera ndi ng'oma, sakudziwa ngati apite kutsogolo kapena athawe. Atalandira, akuti akapereka mendulo kwa wansembe kuti amuchitire Misa. Ndime imeneyi ndi yaifupi, koma kwa ine ndi yankho kwa onse onena kuti Flaubert analibe chifundo. Wounika mabuku Sainte-Beuve analemba mu 1857 kuti mwana wa dokotalayu amagwira cholembera ngati mpeni wa opaleshoni. N'zoona, koma munthu wopanda mtima sakanawaona manja amenewo.

Emma ndi mkazi woipa kapena womvetsa chisoni?

Funsoli ndi limene bukuli linakana kuyankha, ndipo owerenga amagawikana mpaka lero. Zomutsutsa zilipo zambiri. Amanama. Amawononga chuma cha mwamuna amene sanamulakwire. Mwana wake samusamala, ndipo tsiku lina amukankha mpaka kugwa n'kuchekeka patsaya. Wina angafune kutseka nkhani ndi mwambi uja wakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Koma mwambiwu sukumukwana. Taonani mpanda umene anali. Malamulo a ku France a mu 1804 ankalamula mkazi kumvera mwamuna wake, ndipo sankaloledwa kuchita mapangano a chuma popanda chilolezo chake. Kusudzulana kunathetsedwa mu 1816 ndipo kunabweranso mu 1884. Mkazi wa gulu la Emma analibe ntchito yoti agwire, analibe ulendo woti ayende yekha. Léon atatopa ndi Yonville anangonyamuka kupita ku Paris. Rodolphe akatopa ndi mkazi amasintha. Emma ali ndi zenera basi. Ali woyembekezera ankafuna mwana wamwamuna chifukwa mwamuna ndi mfulu, ndipo atamva kuti ndi wamkazi anatembenuza mutu n'kukomoka.

Ine ndimaona kuti njala ya Emma inali yeniyeni, koma chakudya chimene anaphunzitsidwa kufuna chinali chabodza. Ankafuna moyo waukulu kuposa umene anapatsidwa, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Tsoka lake n'lakuti zithunzi zonse za moyo waukuluwo anazitenga m'mabuku otsika ndi m'magazini a mafashoni, moti ngakhale mawu ake achikondi ndi obwereka. Rodolphe anali atawamva kwa akazi ambiri, ndiye sanakhulupirire kuti pansi pake pangakhale mtima weniweni. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: pomulembera kalata yomusiya, anaviika chala m'madzi n'kudontheza papepala kuti ioneke ngati misozi.

Chinamupha kwenikweni n'chiyani, chikondi kapena ngongole?

Ngongole. Anthu odziwa bukuli mwa kandimverere amaganiza kuti Emma anadzipha chifukwa chogwidwa ndi chibwenzi. Sanagwidwe. Charles anapeza makalata mkazi wake ali kale m'manda.

Lheureux ndiye mpangankhani woopsa kwambiri m'bukuli, ndipo sakweza mawu. Amabwera ndi nsalu, masikafu ndi tizinthu tokongola, n'kunena kuti za ndalama zisakudetseni nkhawa, mudzalipira mukapeza. Amadziwa zinsinsi za Emma ndipo amazisunga ngati chikole. Amamulangiza kuti atenge kalata yomupatsa mphamvu zoyendetsera chuma cha mwamuna wake. Kalata ya ngongole ikafika tsiku lake, amamusainitsa ina yokulirapo, kenako n'kuigulitsa kwa mnzake kuti iye aoneke wosalakwa. Ndi katapila wovala suti. Pamapeto pake khoti lilamula Emma kulipira mafranc 8,000 pasanathe maola 24. Léon alonjeza zabodza. Loya Guillaumin afuna thupi lake posinthana ndi thandizo, ndipo Emma akana mwaukali. Rodolphe, atakhala m'nyumba yodzaza ndi zinthu zodula, amuuza kuti mafranc 3,000 amene akupempha alibe.

Flaubert analemba mawerengero onsewa mosamala ngati kalaliki. Apa m'pamene bukuli limaoneka ngati lalembedwa dzulo. Iye anaona msanga kuti kulakalaka chikondi ndi kulakalaka katundu zikhoza kulukana mpaka munthu osathanso kuzisiyanitsa, ndiponso kuti pali anthu amene amadyera pamenepo.

Kodi Flaubert ananenadi kuti "Madame Bovary ndine"?

Mawuwa ndi otchuka, koma sapezeka m'makalata kapena m'zolemba zake. Anatulukira m'buku la katswiri wina mu 1909, Flaubert atamwalira kalekale, ndipo anachita kumva kwa munthu amene nayenso anamva kwa wina. M'makalata ake Flaubert ananena zosiyana, kuti m'bukumo sanaikemo kanthu ka moyo wake. Komabe analembanso kuti polemba za poizoni ankamva kukoma kwa aseniki m'kamwa mpaka kusanza.

Linasintha chiyani kwa olemba a pambuyo pake?

Linakweza muyeso. Kuchokera pamenepo wolemba nthano yaitali anayamba kufunsidwa za chiganizo chilichonse, za amene akuona nkhaniyo, ndi za zimene wasankha kusanena. Guy de Maupassant anaphunzira ntchito pamapazi a Flaubert. Émile Zola ndi anzake ankalitenga ngati chitsanzo cha buku lamakono. Henry James, Marcel Proust ndi Vladimir Nabokov analemba za luso lake, ndipo Mario Vargas Llosa wa ku Peru analemba buku lathunthu mu 1975 lofotokoza mmene Emma anamugwirira mtima. M'Chifalansa munalowa ngakhale liwu latsopano, bovarysme, limene Jules de Gaultier analitchukitsa: chizolowezi chodziona ngati munthu wina wosiyana ndi amene uli.

Amene sadziwa Chifalansa ataya zambiri?

Ataya nyimbo ya ziganizo, imene Flaubert anaivutikira kwambiri. Zina zonse zimawoloka. Bukuli lamasuliridwa m'zinenero zambiri, ndipo m'Chingerezi muli zomasulira zingapo. Chimodzi mwa zoyambirira ndi cha Eleanor Marx, mwana wa Karl Marx, cha mu 1886. Chofunika ndi kuwerenga modekha. Mitu yoyamba imayenda pang'onopang'ono mwadala, kuti kutalika kwa masana a ku Tostes ukumve m'thupi mwako monga Emma akukumvera.

Bwanji bukuli silithera pa imfa ya Emma?

Chifukwa linayamba Emma asanabwere, ndipo Yonville ikupitirira iye atapita. Imfa yake yomwe si yofewa ngati ya m'mabuku amene ankawakonda. Ndi ya kusanza, thukuta ndi kukuwa, ndipo mawu omaliza amene akumva ndi nyimbo yotukwana ya wopemphapempha wakhungu panja pa zenera. Usiku wa maliro Homais ndi wansembe akangana za chipembedzo pambali pa mtembo mpaka onse awiri agona, ndipo kutacha adya ndi kumwa limodzi.

Kenako buku litembenukira kwa Charles, munthu amene wowerenga wakhala akumupeputsa pamodzi ndi Emma. Iye yekha ndiye anali ndi chikondi chachikulu chimene Emma ankachifunafuna kwina. Atapeza makalata a Léon ndi Rodolphe adzitsekera m'nyumba. Akumana ndi Rodolphe pamsika, akhala naye pansi, ndipo amuuza kuti samusungira chakukhosi. Mawa lake Berthe amupeza pabenchi m'munda atafa, m'manja muli tsitsi la mkazi wake.

Katundu yense atagulitsidwa patsala mafranc 12 ndi masentimu 75, zimene zilipira ulendo wa Berthe wopita kwa agogo ake aakazi. Agogowo amwalira chaka chomwecho. Bambo a Emma afa ziwalo. Mwanayo atengedwa ndi azakhali ake osauka, amene amutumiza kukagwira ntchito kufakitale yopota thonje. Flaubert akunena zimenezi m'mizere yochepa, popanda liwu limodzi lodandaula, ndipo ine sindinathe kuiwerenga popanda kuima kaye. Lheureux watsegula bizinesi ina. Madokotala atatu ayesa kukhazikika ku Yonville koma alephera, chifukwa Homais wawalanda odwala onse. Chiganizo chomaliza cha bukuli chikutiuza kuti Homais wangolandira kumene mendulo yaulemu ya boma.